Tisawanamizire Oyimba Akale: Tiyambe Tayesa Liwiro la Gumbagumba

Kwathu ndi kumapiri a m'malire a Dowa ndi Ntchisi, kumene munthu ukaima pachitunda m'mawa wa mwezi wa June umaona nkhungu itakuta nkhalango ya Ntchisi. Monga amuna ambiri a dera lathu, agogo anga aamuna adapita ku Joni pa Wenela ali mnyamata. Adabwerako boma litaletsa ulendowu m'chaka cha 1974, ndege itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankachokera kumigodi. Pa katundu amene adabwera naye, yemwe adafika m'manja mwathu ife adzukulu ndi gumbagumba ndi mbale zake za nyimbo, zomwe zidakhala zaka zambiri m'sutikesi pansi pa bedi.

Pa nthawi yomanga chiliza cha agogowo abale tidasonkhana pamudzi. Malume adandipatsa ine ntchito, poti ndine mwana wasukulu, yoti ndijambule nyimbo za m'mbalezo pafoni kuti titumizire abale a ku Lilongwe ndi a ku Johannesburg. Tidapukuta gumbagumba ija, n'kuilumikiza ku batire la sola, ndipo idalira. Ndidajambula nyimbo zisanu n'kuzitumiza pa WhatsApp madzulo omwewo. Ndikuika mbale yachisanu ndi chimodzi, ya simanjemanje ya Mahlathini ndi Mahotella Queens, agogo aakazi adatulukira kuchokera kukhitchini.

"Iwe, tazimitsa kaye," adatero. "Akuthamangira kuti ameneyo? Bambo uja mawu ake adali ngati bingu. Uyu ndi wina."

"Ndi yemweyo agogo, dzina lake lalembedwa pambalepa," ndidayankha. Mumtima ndinkati makutu awo akalamba.

Iwo sadatsutsane nane. Adangoyesa kuponya phazi monga ankavinira kale, phazi lidakana kugwirizana ndi nyimbo, ndipo adabwerera kumoto kwawo. Mawa lake ndidalemba kachizindikiro ka choko m'mphepete mwa chitsulo chozungulira chomwe pamakhala mbale, chimene agogo ankachitcha chiwaya. Msuweni wanga adagwira wotchi, ine n'kumawerenga. Pambale padalembedwa 45, kutanthauza kuti iyenera kuzungulira maulendo 45 pa mphindi imodzi. Ife tidapeza 48. Tidabwereza katatu, yankho lidali lomwelo. Makutu amene adalakwa adali anga.

Kuchokera tsiku limenelo ndili ndi maganizo amene ndikufuna kuwateteza mu nkhani ino. Aliyense amene akufuna kusamutsa nyimbo za pambale zakale kuti azisunge pafoni kapena pakompyuta ayenera kuyamba wayesa ndi kukonza liwiro la makina ake. Kupanda kutero ndiye kuti akusungira mibadwo yakutsogolo mawu amene woyimbayo sadatulutse, ndipo kumeneko ndi kumunamizira munthu amene sangathenso kudziyankhira.

Chimene liwiro limachita ku mawu

Pambale ya nyimbo pali kanjira kopyapyala kokhotakhota momwe singano imadutsa. Kukhotakhotako ndiko kumagwedeza singano, ndipo kugwedezekako ndiko kumasanduka mawu. Mbale ikazungulira mofulumira, singano imagwedezeka kambiri pa sekondi imodzi, choncho mawu amakwera ndipo nyimbo imathamanga. Ikazungulira mochedwa mawu amatsika ndipo nyimbo imakwawa. Zinthu ziwirizi sizisiyana. N'chifukwa chake opanga mbale adagwirizana za liwiro. Mbale zakale zolemera ndi zosachedwa kusweka, za galamafoni yopukusa ndi dzanja, n'za maulendo 78 pa mphindi. Chimbale chachikulu cha nyimbo zambiri, chomwe kampani ya Columbia idatulutsa m'chaka cha 1948, n'cha maulendo 33⅓. Kambale kakang'ono ka nyimbo imodzi mbali iliyonse, komwe kampani ya RCA Victor idatulutsa m'chaka cha 1949, n'ka maulendo 45.

Wina angaganize kuti kusiyana kwa 45 ndi 48 n'kochepa. Tiyeni tiwerengere. Liwiro likawonjezeka ndi magawo 6 pa 100 alionse, mawu amakwera monga momwe amakwerera woyimba limba kutchalitchi akachoka pa kiyi imodzi kupita pa yoyandikana nayo. Gumbagumba yathu idapitirira pamenepo, pakuti 3 pa 45 ndi pafupifupi magawo 7 pa 100. Nyimbo ya mphindi zitatu inkatha kutatsala masekondi 11. Kwa munthu wongomvera ali chikhalire, masekondi 11 si kanthu. Kwa wovina ndi nkhani yaikulu. Aliyense amene adaonerapo mganda ku Dowa kapena chimtali ku Ntchisi akudziwa kuti wang'oma akafulumiza pang'ono pokha, mzere wonse wa ovina umasokonezeka ndipo amamucheukira ndi diso lofiira.

Pali vuto lina loposa apa. Makina ena sathamanga kapena kuchedwa mokhazikika koma amasinthasintha mkati mwa kuzungulira. Kusinthaku kukamachitika pang'onopang'ono, mawu amakwera ndi kutsika ngati munthu woledzera amene akudzandira, ndipo akatswiri amakutcha wow. Kukamachitika mofulumira kwambiri, mawu amanjenjemera ngati a munthu wamalungo, ndipo amakutcha flutter. Kudzandira kumabwera kawirikawiri chifukwa cha lamba wotamuka, mbale yopindika ndi kutentha kwa pansi pa malata, kapena bowo la pakati pa mbale limene lakula mpaka mbale siikhalanso pakatikati. Kunjenjemera kumachokera kwambiri ku mota ndi timagudumu ta mphira timene tauma kapena kuphwanyika mbali imodzi. Zimenezi zimamveka msanga pa mawu otalika, monga a kwaya ikamamaliza ndime kapena a chitoliro cha kwela.

Chifukwa chake nkhaniyi ikutikhudza

Mahlathini sangatayike chifukwa cha kulakwitsa kwanga. Nyimbo zake zidasungidwa bwino kwawo ku South Africa, ndipo amene akufuna kumva mawu ake enieni awapeza. Nkhawa yanga ili pa oyimba athu. M'masutikesi a m'midzi ya kwa Msakambewa, kwa Chiwere, kwa Kalumo ndi kwa Nthondo mungathe kupezeka mbale za anthu ngati abale a Paseli, Ndiche Mwarare kapena Alick Nkhata wa ku Zambia amene ankayimbanso m'Chinyanja. Mbale zoterezi zatsala zochepa. Tsiku limene mdzukulu adzaike imodzi pa makina othamanga n'kuitumiza pa intaneti, anthu zikwizikwi adzamva chinthu cholakwikacho ndipo adzachilandira ngati choona. Mbale yeniyeniyo ikadzasweka, chotsala chidzakhala bodza lija.

Ife ophunzira za ziyankhulo tili ndi chifukwa china chapadera. Mbale yakale imasunga katchulidwe ka Chichewa cha nthawi imeneyo, kutalika kwa maphatikizo, mpumiro wa woyankhula, ngakhale msinkhu wa munthu monga umamvekera m'mawu ake. Kunena zoona, liwiro lolakwika koma lokhazikika silisintha tanthauzo la mawu. M'Chichewa kukweza ndi kutsitsa liwu kumasiyanitsa mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika, ndipo kusiyana kumeneku kumakhalapobe ngakhale mbale ithamange, chifukwa zonse zimakwerera limodzi. Chimene chimasintha ndi munthu mwini. Nkhalamba imamveka ngati mnyamata, mayi ngati kamtsikana, nyimbo yamaliro imataya ulemu wake. Kudzandira ndiye koopsa kwambiri, pakuti wofufuza angathe kulemba kuti Achewa akale ankagwedeza mawu poyimba pamene chinkagwedezeka ndi lamba wa makina ake.

Taonani chitsanzo cha Hugh Tracey, amene adayendera dziko lino likadali Nyasaland m'zaka za 1950 ndi 1958 n'kujambula nyimbo za Achewa, Amang'anja, Ayao, Atonga ndi Atumbuka. Iye adakhazikitsa bungwe la International Library of African Music m'chaka cha 1954, lomwe kuyambira 1978 lili pa Rhodes University ku South Africa, ndipo nyimbo zimene adajambula m'maiko ambiri zidatuluka pa zimbale 210 za mndandanda wa Sound of Africa. Poyenda, Tracey ankanyamula tizitsulo tamphanda toyesera mawu, kalikonse kolira pa mlingo wake wodziwika, kuti alembe momwe woyimba aliyense adachunira kalimba, bangwe kapena zeze wake. Ankadziwa kuti oyimba athu sachuna zoyimbira zawo motsata limba la Azungu. Apa pali phunziro. Nyimbo ya gitala ikathamanga, katswiri angathe kuiyerekeza ndi gitala ina n'kuganiza kuti yalakwika ndi mlingo wakuti. Koma bangwe wa nkhalamba ya ku Ntchisi alibe mnzake womuyerekeza naye. Kachunidwe kake kadali m'khutu la mwini wake, ndipo umboni wokhawo umene watsala ndi mbale yozungulira pa liwiro loyenera. Ngati mlendo adasamala chotere ndi mawu a makolo athu, eni akefe tilibe chowiringula.

Kuyesa n'kosavuta

Njira yoyamba ndi imene tidagwiritsa ntchito kwathu, ya choko ndi wotchi. Mbale ya 45 izungulire maulendo 45 pa mphindi. Ya 78 izungulire maulendo 39 pa theka la mphindi, ngakhale kuti diso limavutika kuitsatira ndipo ndi bwino kumata kapepala kotulukira kunja kuti kazikhudza chala pozungulira paliponse. Ya 33⅓ imawerengeka bwino pa mphindi zitatu, chifukwa pamenepo iyenera kukwanitsa maulendo 100 ndendende. Mukapeza 101 ndiye kuti yathamanga ndi gawo limodzi pa 100. Kuwerenga nthawi yaitali kumachepetsa kulakwitsa kwa chala cha wogwira wotchi. Yesani singano ili pambale ndipo nyimbo ikulira, popeza singano imakoka mbale ndipo makina ofooka amachedwerapo.

Njira yachiwiri ndi ya pepala lobulungira lokhala ndi timizere totalikirana mofanana m'mphepete mwake, lomwe makina ena amabwera nalo litadindidwa kale pachiwaya. Magetsi a ESCOM amapita ndi kubwerera maulendo 50 pa sekondi, choncho nyali ya chubu yachikale imathwanima maulendo 100 pa sekondi, kapena 6,000 pa mphindi. Mukagawa 6,000 ndi 33⅓ mupeza 180. Ndiye kuti pepala la timizere 180 likamazungulira pa liwiro loyenera pansi pa nyali yotere, timizereto timaoneka ngati taima. Tikamayenda chakutsogolo makina athamanga, tikamabwerera m'mbuyo achedwa, tikamapita uku ndi uku akudzandira. Pa liwiro la 45 pamafunika timizere 133 ndipo pa 78 pamafunika 77. Njirayi ili ndi malire ake kumudzi. Tochi, dzuwa ndi nyali za batire la sola sizithwanima motero, choncho sizithandiza. Jenereta nayo siisunga mlingo wa 50 mokhulupirika.

Njira yachitatu ndi ya foni. Mafoni ambiri amakono ali ndi kachipangizo kozindikira kutembenuka, ndipo pali mapulogalamu amene amaonetsa liwiro ndi kusinthasintha kwake mukaika foni pakati pa chiwaya chikuzungulira. Chenjezo n'lakuti foni imalemera, ndipo pa gumbagumba yaing'ono kulemerako kumasintha chimene mukuyesacho. Akatswiri a kumalo osungira mawu amagwiritsa ntchito mbale yapadera yokhala ndi liwu limodzi losasintha la mlingo wa 3,150 pa sekondi, n'kuona pa makina ngati likutuluka momwemo. Ife amene tilibe mbale yoteroyo tingathe kuphatikiza choko ndi foni, njira ina n'kumatsimikizira inzake.

Kukonza

Tidanyamula gumbagumba ija kupita nayo kwa mkulu wina wokonza mawailesi pa Mponela. Atatsegula adaseka. Pa kachitsulo ka mota komwe kamayendetsa chiwaya padali patakulungidwa selotepi yakale yomwe idauma gwa. Adatifotokozera kuti kale miyala ya wailesi ikayamba kutha mphamvu nyimbo zinkakwawa, ndipo anthu ankanenepetsa kachitsuloko kuti chiwaya chifulumire m'malo mogula miyala ina. Nzeru ya agogo idagwira ntchito pa miyala yofooka, koma pa batire lodzaza idasanduka vuto. Mkuluyo adachotsa selotepi, adatsuka kachitsuloko ndi sipiriti, adadontheza dontho limodzi la mafuta a makina osokera pa msomali wa pakati pomwe chiwaya chimazungulirapo, kenaka adapotoza kasikuluwu kakang'ono kosinthira liwiro, ife tikuwerenga, mpaka tidapeza 45.

Mwa iye ndidaphunziranso zina. Lamba wodula ku chubu cha njinga amayendetsa makina koma sakhala wofanana kunenepa konsekonse, choncho amabweretsa kudzandira. Makina ayenera kukhala pamalo osapendekeka, ndipo tambula ya madzi ikwanira kuonetsa ngati thebulo lapendekeka. Asiyeni azungulire mphindi zingapo musanayese, mafuta afewe, makamaka m'nyengo yozizira ya kumapiri kwathu. Galamafoni yopukusa ili ndi timiyala tachitsulo tozungulira mkati timene timaletsa sipuling'i kuthamanga, ndipo kunja kuli kachitsulo kosinthira liwiro. Iyenera kupukusidwa mokwanira mbale iliyonse isanayambe, apo ayi nyimbo imathera m'kukwawa. Pomaliza, chenjerani ndi makina akaunjika opangidwira ku America, kumene magetsi ake ndi a 60 pa sekondi. Ngati mota yake imatsata magetsi, kuno idzayenda pa magawo asanu mwa asanu ndi limodzi a liwiro lake, ndipo chimbale cha 33⅓ chidzazungulira maulendo osakwana 28.

Zimene ena anganene

Ena anganene kuti kompyuta imakonza zonse, choncho tijambule msanga mbale zisanasweke, zokonza tidzaona pambuyo. Mfundo yofulumira ndikuivomereza, pakuti chiswe ndi kutentha sizidikira munthu. Ndi zoonanso kuti kompyuta ingathe kubweza nyimbo pa liwiro lake. Koma imatero pokhapokha wina aiuze kuti idalakwika ndi mlingo wanji, ndipo amene sadayese sangadziwe. Kudzandira ndiye kovuta kwambiri kukuchotsa kukalowa kale. Komanso nyimbo ikangotuluka pa WhatsApp siibwereranso. Zisanu zimene ndidatumiza zija zikuyendabe m'mafoni a abale anga ngakhale ndidatumiza zokonzedwa pambuyo pake. Kuthamanga sikufika.

Ena odziwa mbiri anganene kuti ngakhale mbale zakalezo sizidajambulidwe zonse pa liwiro lenileni. Akunena zoona. M'zaka zoyambirira za galamafoni makampani ankasiyana, ena pansi pa 78 ena pa 80, ndipo makina ojambulira kumidzi ankadalira mabatire ndi majenereta. Koma mfundo imeneyi ikundithandiza ine. Ngati pali kale kulakwika kumodzi kumene sitingakudziwe bwino, tisawonjezerepo kwathu kumene tingathe kukupewa. Tiyike makina pa liwiro lolembedwa pambale, tilembe m'kope liwiro limene tayesa, tsiku ndi makina amene tagwiritsa ntchito, ndipo tisunge chojambula choyambacho osachikhudza. Wodzabwera m'tsogolo ndi nzeru zoposa zathu adzakhala ndi poyambira.

Enanso anganene kuti izi ndi nkhani za anthu okhuta, pamene alimi a ku Dowa akulira ndi mtengo wa feteleza. Ndikadavomera chikhala kuti ndikupempha makina a ndalama zambiri. Zilipodi zipangizo zodula monga Technics SL-1200 imene idatuluka m'chaka cha 1972, yomwe mota yake imazunguza chiwaya popanda lamba, ndipo malo osungira zakale ayenera kukhala ndi zotere. Koma chimene ndikupempha kwa mdzukulu wa kumudzi ndi choko, wotchi ndi mphindi zitatu. Umphawi sutiletsa kumanga chiliza chowongoka, ndipo suyenera kutiletsa kusunga mawu owongoka.

Pempho langa

Ndikupempha magawo ophunzitsa ziyankhulo ndi chikhalidwe m'sukulu zathu zaukachenjede kuti pophunzitsa kafukufuku wa kumidzi aziphunzitsanso kasamalidwe ka mawu ojambulidwa kale. Timaphunzira kufunsa mafunso ndi kulemba nthano, koma wophunzira akapatsidwa mbale kapena kaseti ndi nkhalamba sadziwa poyambira, chonsecho matepi ndi makaseti nawo ali ndi vuto lomweli la liwiro. Phunziro la tsiku limodzi lingakwanire. Amisiri okonza mawailesi a pa Mponela, Madisi, Malomo ndi Mvera, amene adagwirapo makinawa ali anyamata, aitanidwe adzatiphunzitse asanatisiye.

Koposa zonse, tiziyesa makina pamaso pa akuluakulu amene adavina nyimbozi. Choko chimatiuza kuti chiwaya chikuzungulira maulendo 45, koma amene angatiuze kuti woyimbayo ndi yemwe uja ndi munthu amene adamumva nthawi imeneyo. Mbadwo umene udagula mbalezi uli ndi zaka za m'ma 70 ndi 80 tsopano. Mboni zimenezi zikatha tidzatsala ndi manambala okha, ndipo ngati manambalawo sitidawalembe tidzatsala opanda kanthu.

Titabwera kuchokera ku Mponela ndidaikanso mbale ija pakhonde. Agogo adamvetsera ali chiimire, mtondo uli pambali. Sadandiyamikire ndipo sadakumbutse za mkangano wathu. Adangoti, "Eya, ndi ameneyu," n'kumanga chitenje m'chiuno, phazi lawo n'kugwera pamene ng'oma idagwera.